Bwana akamangolankhula pakamwa, inu muzilemba

Mnyamata wina wa ku Ngabu anandipeza mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha monga mukudziwira kuno ku chigwa, thukuta lili kamukamu. Anagwira ntchito zaka zitatu m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza. Malipiro ankabwera mwa apo ndi apo, mwezi wina athunthu, mwezi wina odulidwa chifukwa akuti thumba lasowa. Kenako m'mawa wina anangolandira uthenga pa WhatsApp woti asabwerenso. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, muli ndi pepala lililonse losonyeza kuti munkagwira ntchito kumeneko?" Anangozolika.

Ntchito yanga ndi yolangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono ndi antchito awo, ndipo nkhani ngati iyi ndaimva ku Nchalo, ku Bangula, mpaka ku Nsanje boma. Gwero lake limafanana. Pakampani yaing'ono, mwini wake ndi yemwenso amasunga ndalama, kukaoda katundu ku Limbe, kulemba anthu ntchito ndi kuwachotsa. Ndalama za bizinesi ndi za kunyumba zimakhala m'thumba limodzi, ndiye kukagwa maliro kumudzi kapena fizi ya ana ikafunika, malipiro a antchito ndi amene amayamba kudikira. Mwini wakeyo akachokapo amasiya mphwake kuti ayang'anire, munthu amene sanaphunzitsidwepo kutsogolera anzake, amangodziwa kukalipa. Ambiri mwa mabwanawa si anthu oipa mtima, ndipo ena namondwe wa Freddy mu 2023 anawasiya manja ali m'khosi. Koma mavuto a bwana safafaniza ngongole yake kwa wantchito.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Bwana waukali, wosayamika, wosintha maganizo m'mawa ndi madzulo, ameneyo amatopetsa, koma khoti silingamusinthe khalidwe. Pali zina zimene lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 linanena mosapsatira, ndipo limagwira ntchito ngakhale pa chigayo cha anthu atatu. Ngati bwana ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo, pasanathe mwezi chiyambireni ntchito muyenera kupatsidwa pepala lofotokoza ntchito yanu, malipiro ndi maola. Maola a pa sabata asapitirire 48, ndipo oonjezera pa tsiku wamba amalipidwa kamodzi ndi theka. Ngati mumagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, tchuthi chanu cha pa chaka ndi masiku 18. Bwana saloledwa kukulipiritsani chindapusa ngati chilango. Ndipo sangakuchotseni chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanakupatseni mpata wodziteteza.

Mfundo yomalizayi ndi imene anthu ambiri sadziwa kulemera kwake. Nkhani ikafika pa mlandu, bwanayo ndi amene ayenera kupereka chifukwa chimene anakuchotserani. Komatu inu muyenera kuyamba mwasonyeza kuti munalidi pa ntchito, kuyambira liti, pa malipiro anji. Apa ndi pamene anthu athu amagwera, pakuti zonse anagwirizana pakamwa, pansi pa mtengo.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti agule kope la sukulu, azilisunga kunyumba osati kuntchito. Tsiku lililonse lembani nthawi yolowa ndi yoweruka. Mukalandira ndalama lembani tsiku ndi kuchuluka kwake, ndipo zikabwera pa Airtel Money kapena Mpamba, uthengawo musafufute. Akakudulani, funsani mwaulemu: "Bwana, ndilembereni pano kuti mwadula zingati, za chiyani." Ena amaona ngati kutero n'kuderera akuluakulu. Ine ndaona mabwana akusiya okha kudula mwachisawawa atangodziwa kuti wina akulemba. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wanu wa Sitandade 7 angakuthandizeni madzulo.

Chinthu chimodzi ndimachonderera: musathawe ntchito mwakachetechete chifukwa chopsa mtima. Mukangosowa, mwampatsa bwana chifukwa chimene analibe. Lamulo limazindikira kuti munthu akhoza kukakamizika kusiya ntchito chifukwa cha nkhanza za bwana, koma zimenezo zimafuna umboni, ndipo ndi bwino kuyamba mwafunsa kwa a zantchito ku boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Kudandaula kumeneko za kuchotsedwa mopanda chilungamo kuchitike miyezi itatu isanathe. Zikakanika pamenepo, nkhani imapita ku khoti la za ntchito, Industrial Relations Court, ku Blantyre.

Mnyamata wa ku Ngabu uja analibe kope. Koma titatsegula foni yake tinapeza mauthenga a Mpamba a miyezi khumi ndi inayi, onse ochokera pa nambala ya bwana wake, pamodzi ndi uthenga womuchotsa uja wokhala ndi tsiku lake. Tinazikopera papepala madzulo omwewo, ndipo m'mawa anakwera minibasi ya ku Chikwawa boma.