Tebulo lopanda masikuluwu silofooka ayi

Anthu ambiri akangomva kuti katebulo ka pabalaza kapangidwa popanda misomali kapena masikuluwu amati aaa aka sikakhalitsa, kagwa basi. Si zoona zimenezo abale.

Thabwa limatupa nthawi ya dzinja likamwa chinyezi, kenako limafota kukatentha mu Okutobala, ndipo limachita izi kwambiri m'lifupi osati m'litali. Chitsulo sichitsatira nawo zimenezo, ndiye sikuluwu imakuza bowo lake pang'onopang'ono makamaka ikalowa kumathero kwa thabwa, mpake matebulo ambiri ogula pamsewu sachedwa kuyamba kugwedera.

Kalipentala wodziwa ntchito amaboola mwendo ndi tchizilo bowo la makona anayi, n'kusema kumapeto kwa thabwa lopingasa kalilime kolowa m'bowomo, kunenepa kwake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwalo. Kazilowa ndi kumenya pang'ono, osati kungogweramo, komanso osati mokakamiza mpaka mwendo kung'aluka. Kalilimeko kakatulukira mbali inayo amakaboola n'kukhomamo kamtengo kosongola ndiye kuti chagwira, ndipo pakakhwefuka mumangokamenyanso. Matabwa awiri odutsana pansi pa tebulo lililonse amalisema podutsanapo mpaka theka la kunenepa kwake n'kuwalumikiza, amakolana okha.

Ku China m'nthawi ya mafumu a Ming, 1368 mpaka 1644, ankapanga mipando ndi matebulo mwanjira yolowetsanayi ndipo zina zilipobe mpaka lero.

Chimene chimawononga ntchitoyi ndi matabwa aawisi. Kaya ndi mlombwa kaya mbawa, ngati sanaume bwino kalilime kaja kafota ndipo tebulo ligwedera ndithu, ndiye musanapereke ndalama afunseni akalipentala kuti matabwawo akhala akuuma nthawi yaitali bwanji.