Denga la galaja si lonyamulira galimoto

Loweruka lapitali mnyamata wina wa ku Turffontein, muno mu Johannesburg, anabwera kudzabwereka chain block, chipangizo cha tcheni chokwezera zolemera, kuti akakwezere bodi ya galimoto. Asanamalize n'kulonjera komwe ndinadziwa kale pamene akufuna kukaikoleka. "Pa mtanda wa denga, madala. Ndi maola awiri okha." Ndinamukaniza. Anachoka akung'ung'udza kuti Amalawi tikakhalitsa ku Joni timauma mtima. Anene zimenezo, palibe kanthu. Ndakhala ndikuwongola ndi kuwotcherera mabodi a galimoto muno mu Johannesburg zaka zambiri, ndipo mawu akuti "maola awiri okha" ndatopa nawo.

Chimene inu mukuchitcha mtandacho si mtanda. Madenga a magalaja ambiri muno ndi a matabwa a paini a mamilimita 38 kunenepa kwake, olumikizidwa ndi timalata ta mano tokhomedwa ndi makina. Anawapanga kuti anyamule matailosi kapena malata, katundu womwazikana denga lonse, wokanikiza kuchokera pamwamba. Thabwa la pansi lija ntchito yake ndi kugwira miyendo ya denga kuti isatang'aze. Mukalipachika chitsulo cholemera pamalo amodzi, mukuligwiritsa ntchito imene silinapangidwire.

Choopsa n'chakuti thabwa silithyoka tsiku lomwelo. Limagonja pang'onopang'ono, mano a timalata tija akumazuka pang'ono lero, pang'ono mawa. Munthu amakweza bodi, amaigwedeza, amaona kuti yagwira, basi mantha atha. Ndipo maola awiri aja sakhala awiri. Ndalama ya penti yatumizidwa kumudzi chifukwa kwagwa maliro, ganyu yachuluka, bodi ili lende mpaka mwezi.

Panali mnyamata wina wa kunyanja amene ankakhala ku Rosettenville, wa manja abwino zedi. Anagula galimoto ya Beetle yakale, mwa zija zinkapangidwa ku Uitenhage mpaka 1979. Beetle ndi yokoma kukonza chifukwa bodi yake imamasuka ndi mabawuti n'kusiyana ndi chipansi chake, ndipo amuna angapo amphamvu amatha kuinyamula ndi manja. Iye analibe amunawo tsiku limenelo, choncho anakoleka tcheni kudenga. Bodi inakhala m'mwamba masabata atatu. Sabata yachiwiri ndinadutsako, ndinaiona ndi maso angawa, ndinangoti "muzisamala achimwene," n'kumwa tiyi amene mkazi wake anandipangira. Chain block inali yanga.

Thabwa linathyoka iye atakhala pansi akupala dzimbiri. Bodi inamupana mwendo, m'munsi mwa bondo, ndipo panatenga nthawi kuti anansi amve kukuwa n'kudzamuchotsa. Magazi sanatuluke ambiri, fupa silinaoneke, ndiye onse anagwirizana kuti wapulumuka. Mapepala ake anali atatha, anaopa chipatala. Anzake anamutengera kwa bambo wina wodziwika ndi "kubweza mitsempha," amene anamuthowa ndi madzi otentha, kumutema mphini, kumumanga nsalu mothina, n'kulandira ndalama yake. Tsiku lachitatu mwendo unali ngati mtondo, zala zozizira, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Mverani bwino apa. Mnofu ukapanidwa umatupa mkati mwa chikuto chake chimene sichitambasuka, magazi amaleka kuyenda, ndipo mnofuwo umayamba kufa m'maola owerengeka, osati masiku. Zotuluka mu mnofu wowonongekawo zimapita m'magazi n'kukapweteka impso. Mkodzo wakuda uja ndiye chizindikiro chake. Kumanga mothina ndi kuthowa kumangowonjezera moto. Madokotala anamupulumutsa moyo, koma phazi lija amachita kulikoka mpaka lero, ndipo ntchito yoimirira sangaithenso. Lamulo lalikulu la dziko lino, gawo 27, limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Silifunsa kuti pasipoti yatha liti. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, tsiku lomwelo, ngakhale wovulalayo akuseka.

Tsopano za kakwezedwe. Jeke ndi yokwezera, si yosungira. Imene ikugwira galimoto yonse mkati mwa jeke ya oilo ndi kamphira kochepa ngati mphete ya pachala, ndipo kakatopa sikatsanzika. Mukakweza pang'ono, lowetsani ma trestle achitsulo, zochirikizira za miyendo zokhazikapo galimoto, kwezaninso, kwezani ma trestle, mbali zonse mofanana. Mabuloko a simenti a mabowo aja musayerekeze. Thabwa limayamba lalira lisanathyoke, koma buloko limangophulika kamodzi. Zigubu za penti, makreti a mowa, marimu osanjikiza, zonsezi ndaziona m'mayadi a abale athu, ndipo sindizitchulanso.

Ngati mwabwereka engine crane, chokwezera injini cha mkono wosololoka, werengani manambala a pamkono wake. Yolembedwa matani awiri imanyamula matani awiriwo mkono uli waufupi. Mukausolola mpaka bowo lomaliza kuti ufike pakati pa bodi, mwatsala ndi theka la tani. Amene akufunadi kupachika awotcherere chimango chachitsulo choima pa miyendo yakeyake pansi, chosadalira khoma kapena denga la landilodi.

Musanakweze, yang'anani zitseko. Bodi yodyeka ndi dzimbiri m'munsi mwa zitseko ilibe msana. Ikachoka pa chipansi chake imapindika pang'ono kosaoneka ndi maso, inu n'kuwotcherera malata atsopano ili chipindikire, kenako zitseko zimakana kutseka mpaka kalekale. Wotchererani mapaipi a makona anayi mopingasa pa khomo lililonse ndi mkati modutsana, zitseko zikadali pamalo pake ndipo mipata yake ili yofanana. Ntchito ya theka la tsiku imeneyi ndi imene anthu amaidumpha, kenako amabwera kwa ine kuti ndiwongole, ndipo mtengo wake amauona ngati chipongwe.

Dziwaninso galimoto yanu. Hilux ili ndi chasisi, chipansi chija, payokha, kabu imachoka. Citi Golf, imene inasiya kupangidwa mu 2009, ilibe: bodiyo ndiyo chasisi. Makaniko wa pansi pa mtengo akakuuzani kuti "tichotsa bodi pa chasisi" ya Golf, tsekani geti. Galimoto yotere imakwezedwa pamalo olimbitsidwa okha, ndipo mukachotsa injini ndi giyabokosi kutsogolo kumapepuka mwadzidzidzi, moti imene inakhazikika bwino m'mawa ikhoza kupendekera kumbuyo masana. Thanki ya petulo ichoke gilainda isanalire, ndipo ikakhale panja. Thanki yopanda kanthu ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo.

Posunga, bodi itsike. Ikhale pa ngolo yachitsulo yaifupi ya matayala okhala ndi mabuleki, yotambalala kuposa pamene bodiyo yakhalira. Mayadi athu muno mumakhala mabanja asanu, ndipo kwa mwana bodi yopanda zitseko ndi nyumba ya masanje. Ikankheni ndi phewa mwamphamvu mbali zonse. Ikagwedezeka kwa inu, idzagwa kwa iwo.

Ena amanyengeka ndi kuuma kwa nyengo yozizira ya kuno. Zoonadi Juni ndi Julaye chitsulo chopalidwa chimakhala masiku osachita kanthu, koma mvula ya mabingu ikayamba mu Okutobala, chinyontho chimalowa m'galaja ndipo bodi yonse imadzuka yofiira. Pulaimala wamba, penti woyambira wotuwa uja, amamwa chinyontho ngati mkate mu tiyi. Wotseka chitsulo ndi wa epoxy. Kukulunga ndi pulasitiki nakonso ndi kuiphika m'thukuta lake lomwe. Fundani nsalu yakale, mpweya uziyenda. Panja musaisiye, matalala a ku Gauteng amabowola ndi magalasi omwe.

Mnyamata wa ku Turffontein uja ndamutumizira uthenga kuti Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ndibwera ndi ma trestle anayi, mapaipi awiri ndi anyamata anga atatu. Iye agule nyama ndi ufa. Sanayankhebe.