Mwana akamathera magazi pafupipafupi, kayezetseni khansa ya m'magazi

Pali ana amene amaikidwa magazi kuchipatala, pakangotha mwezi zikhatho zayeranso. Kumudzi nkhani imafala msanga: mwanayu akumupopa magazi usiku, pitani naye kwa sing'anga. Makolo, imeneyi ndiyo njira imene ikutitayitsa ana. Kawirikawiri amakhala malungo kapena kusowa zakudya, inde, koma nthawi zina ndi khansa ya m'magazi, imene madokotala amaitcha leukemia.

Matendawa amayambira m'mafuta a m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwa. Maselo oyera osakhwima amachulukana mpaka kupanikiza magazi abwino. Sapatsirana, si a ufiti, ndipo mwa odwala ambiri choyambitsa chake sichipezeka. Zimene zikudziwika kuti zimawonjezera chiopsezo ndi cheza cha nyukiliya, monga zinaonekera kwa anthu amene anapulumuka mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945, utsi wa fodya, ndi benzene, mankhwala opezeka mu petulo. Ku Ogale, m'dera la Ogoni ku Nigeria komwe mafuta anawononga nthaka, lipoti la 2011 la UNEP, bungwe la United Nations loona zachilengedwe, linapeza anthu akumwa madzi a pachitsime okhala ndi benzene wochuluka kuwirikiza ka 900 kuposa mlingo wovomerezeka ndi WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse.

Kwathu kuno zitsime zamafuta kulibe, koma taonani zochitika mafuta akasowa: zigubu za petulo kuchipinda chogona ana, mnyamata kukoka petulo ndi pakamwa pa payipi, makaniko kusamba m'manja ndi petulo akamaweruka. Zisiyeni. Inunso alimi, botolo la mankhwala opopera mbewu lisasanduke chotungira madzi akumwa.

Ena amati awa ndi matenda a m'tauni chifukwa odwala ambiri amalembedwa kumeneko. Makina oyezera ndi amene ali m'tauni. Kumudzi mwana amamwalira, anthu n'kumati anali malungo kapena anamulodza, osalowa m'kaundula aliyense.

Chonde yang'anani izi: zikhatho ndi m'zikope kuyera, kutentha thupi kosamva LA ngakhale wamaliza mankhwala onse, kamfuno wobwerezabwereza, magazi m'nkhama potsuka mkamwa, timadontho tofiira kapena mabala akuda pakhungu asanamenyedwe, mwanabele m'khosi ndi m'khwapa, mimba kutupa, mafupa kuwawa mpaka mwana kukana kuyenda. Akuluakulu nawonso amadwala matendawa.

Zikapitirira milungu iwiri, bwererani kuchipatala ndi buku lake, muuze dokotala kuti mwana wamwa kale mankhwala a malungo kangati, wapatsidwa magazi kangati, ndipo mupemphe kuti ayeze magazi onse, osati malungo okha. Musakagulenso LA kugolosale. Musamutemere mphini. Mwana wa khansa imeneyi magazi ake sagwirana, bala la lezala likhoza kuchucha osaleka kapena kulowetsa matenda thupi lilibe chitetezo.

WHO imati m'mayiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka safika 30. Zina mwa zifukwa zake ndi kufika mochedwa ndi kusiyira mankhwala panjira. Ana a khansa amathandizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo chipatala cha boma cha m'dera lanu chimapereka kalata yotumizira kumeneko. Mankhwala amatha kutenga zaka ziwiri kapena kuposa. Tsitsi likathothoka, mwana akamasanza, musamuthawitse kuwodi kupita naye kwa sing'anga. Uzani anamwino.