Mabuleki akumbuyo akamakana kusiya tayala

Nyengo ya mvula ikafika, ku galaja timalandira dandaulo limodzimodzi: galimoto yagona usiku handibuleki ili yokoka, m'mawa ikukana kusuntha, ndipo mukaponda mafuta kumbuyo kumamveka "gu!" isanayende. Ena amabwera chifukwa tayala lakumbuyo likulira ngakhale sakuponda buleki, ena chifukwa petulo wayamba kutha msanga. Kawirikawiri gwero lake ndi limodzi. Buleki ikugwira bwinobwino, koma ikulephera kusiya.

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan, monga Toyota Vitz, Probox ndi Mazda Demio, kumbuyo zili ndi mabuleki a dilamu, chitsulo chooneka ngati mbale chomwe chimazungulira limodzi ndi tayala. M'kati mwa dilamuyo muli ma shoe awiri, zitsulo zopindika zomatidwa chokhuthala chomwe chimakhula dilamu. Mukaponda buleki, wheel cylinder, kasilinda kokhala ndi mapisitoni okankhidwa ndi mafuta a mabuleki (brake fluid), imawakankha kuti akhudze khoma la dilamu, ndipo mukachotsa phazi masipiling'i amawabweza. Handibuleki imakokanso ma shoe omwewo kudzera pa kebulo. China chilichonse pa zimenezi chikauma kapena kuchita dzimbiri, ma shoe sabwereranso pamalo pake.

Kumatirira kwa m'mawa kuja nthawi zambiri si vuto lalikulu. Mukadutsa m'madzi kapena mukatsukitsa galimoto n'kuiimika pomwepo, chinyezi chotsala m'dilamu chimabala dzimbiri usiku umodzi wokha. Musanaimike, yendani pang'ono mukuponda buleki mopepuka kuti m'katimo muume. Ngati galimoto ikhala masabata osayenda ndipo malowo ndi athyathyathya, isiyeni m'giya kapena pa P, ikani mwala kutayala, handibuleki muimasule.

Koma ngati kugwirako kukupitirira muli paulendo, yesani izi. Yendani makilomita angapo osaponda buleki pafupipafupi, muime, ndipo muyandikize dzanja pa limu iliyonse yakumbuyo osaikhudza. Mbali imene ikutentha kuposa inzake, kapena ikununkha chopserera, ndiyo ili ndi vuto. Mukaikweza pa jeke handibuleki itamasulidwa, tayala labwino limazungulira ndi dzanja limodzi. Matayala akutsogolo muwatchinge kaye, ndipo musadalire jeke yokha pogwira ntchito.

Dilamu yokanirira poichotsa sitiimenya ndi hamala mpaka kuiswa. Madilamu ambiri a Toyota ali ndi timabowo tiwiri ta mazinga pomwe timamangapo mabawuti a M8, ndipo tikamawamanga mosinthanasinthana dilamu imatuluka yokha. M'katimo timapeza fumbi lakuda losakanikirana ndi matope ouma. Musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa, chifukwa ndi loipa m'mapapo. Timalitsuka ndi brake cleaner. Kenako timayang'ana pamene ma shoe amatsamira pa chitsulo chakumbuyo. Pamakhala timalo tokwera pang'ono, titatu pa shoe iliyonse, ndipo tikauma timakumbika kanjira komwe shoe imakodwamo. Kulira kwa "kwii" pochotsa phazi nthawi zambiri kumachokera pamenepa. Timapala ndi sandipepa n'kupakapo girizi wa mabuleki wochepa kwambiri, wongokwanira nsonga ya chala. Adjuster, kachitsulo kosunga mpata pakati pa ma shoe ndi dilamu, nayo timaimasula n'kuitsuka mpaka izizungulira ndi zala. Sipiling'i yofooka kapena kebulo yomwe yachita dzimbiri m'kati mwa chikopa chake timangosintha.

Tikatero timatukula kalabala ka wheel cylinder. M'kati mwake mukakhala monyowa, ndiye kuti wheel cylinder ikudontha, ndipo shoe imene yamwa brake fluid imagwira modzidzimutsa n'kumalira. Yoteroyo ndi yotaya, kuitsuka ndi petulo sikuthandiza. Ngakhale youma, ikapyapyala kufika pa milimita 1 kapena ikayamba kumatuka pachitsulo chake, yatha ntchito. Ma shoe timasintha mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Dilamu nayo ili ndi malire a kutha kwake, ndipo nambala yake imalembedwa pa dilamu pomwepo.

Pali njira zachidule zimene zimandiwawa mtima ndikaziona. Wina amathira oyilo m'dilamu kuti phokoso lithe. Wina amamasuliratu handibuleki mpaka kungotsala chogwirira chopanda ntchito. Choopsa kwambiri ndi kutseka paipi ya brake fluid ndi msomali kapena kuipinda, kuti wheel cylinder yodonthayo isalandirenso kanthu. Phokoso limathadi, mwini galimoto n'kulipira akusangalala, osadziwa kuti tayala limenelo latsala lopanda buleki. N'zoona kuti mabuleki akutsogolo ndi amene amagwira ntchito yaikulu, koma potsetsereka pa Thabwa kupita ku Chikwawa, kapena pa Khwekhwelere kutsikira ku Golomoti, galimoto itadzaza anthu ndi katundu, akutsogolowo akatsala okha amatentha mpaka kuleka kugwira. Amakaniko akakuuzani kuti "tangotsekako kaye", musavomere. Wheel cylinder yatsopano siidula ngati mmene anthu amaganizira.

Galimoto zina kumbuyo zili ndi madisiki. Apa chimauma ndi timapini tomwe caliper, chitsulo chopana disiki, imatsetserekapo, kapena pisitoni yeniyeniyo. Timapinito timafuna girizi wa silikoni, chifukwa girizi wamba amatupitsa labala, vuto n'kubweranso. Ndipo ngati handibuleki imagwirira pa caliper pomwepo, pisitoni yake imabwezedwa poizunguliza ndi chida chake. Mukaikankha ndi mphamvu mumaiwononga.

Brake fluid amayamwa chinyezi, ndipo chinyezicho ndi chimene chimadya mapisitoni m'kati. Musintheni pakatha zaka ziwiri zilizonse, pogwiritsa ntchito mtundu wolembedwa pa chivundikiro cha kabotolo kake ka m'galimoto, kaya DOT 3 kaya DOT 4. Ntchito ikatha, musanalowe mumsewu, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, muyese handibuleki pamalo otsetsereka, ndipo mutayenda pang'ono muyandikizenso dzanja pa malimu onse awiri akumbuyo.