“Zonse zili momwemo”: funsani bwino musanatenge ana kunyanja

Kukayamba kutentha pa Chipata, cha mu October, mu ofesi mwanga mumalowa anthu atagwira foni m'manja. Ntchito yanga ndi yokonzera anthu maulendo, ndipo chithunzi chimene amandionetsa chimakhala chimodzimodzi chaka ndi chaka: mchenga woyera ngati ufa, madzi oonekera mpaka pansi, ndi nambala ya madola pakona. Pambali pa nambalayo pamakhala mawu akuti all inclusive, amene ife timangoti “zonse zili momwemo.”

Tsiku lina kunabwera banja la ku Kapata ndi ana atatu, wa zaka 9, wa zaka 4 ndi wa kumsana wa chaka ndi miyezi 10. Abambo anaika patebulo foni yoonetsa hotela ya ku Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania, n'kunena kuti, “Amayi, ndalama ya chilimba yatuluka. Apa akuti zonse zili momwemo, ndiye ife tingolongedza zovala basi.” Ndinawapempha kuti akhale pansi, chifukwa mawu amenewa ndi oona, koma malire ake ndi mpanda wa hotela.

Chimene mumagula ndi ichi: chipinda, chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo, tokamula pakati pa tsiku, ndi zakumwa zopangidwa m'dziko momwemo. Mukafika amakumangani chibangili cha pulasitiki pamkono, ndipo woperekera zakudya akachiona safunsanso ndalama. Kwa banja la ana aang'ono zimenezi ndi mpumulo weniweni, sindingabise. Mwana amafuna juwisi, amamwa pang'ono, amasiya, pakapita mphindi makumi awiri akufunanso wina. Pa hotela yolipira chinthu chilichonse pachokha, kholo limakhala likuwerengera mumtima tsiku lonse mpaka tchuthi chimasanduka ngongole. Apa mayi amene amaphika chaka chathunthu amadya nawo chakudya chikadali chotentha. Ndi chifukwa chake sindiletsa anthu kusankha njira imeneyi.

Zimene zimatsalira kunja kwa mtengowo ndi zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Tikiti ya ndege nthawi zambiri siili momwemo. Galimoto yochokera pabwalo la ndege kupita ku hotela imalipiridwa payokha, ndipo ku Zanzibar mahotela ambiri ali kutali ndi bwalo, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira. Kuchapitsa zovala, munthu wosungira mwana madzulo, bwato lokaonera nsomba, ulendo wa ku Stone Town, tauni yakale ya pachilumbapo, dokotala wa pa hotela, zonsezi amazilemba pa nambala ya chipinda ndipo mumakumana nazo tsiku lochoka. Malo ena amawonjezera msonkho wa boma wa munthu aliyense pa usiku uliwonse. Ndipo chibangili chija chimatha mphamvu pa ola lotulukira m'chipinda, cha m'ma 10 kapena 12 koloko masana. Ngati ndege yanu ndi ya usiku, nkhomaliro ya tsiku limenelo ingatuluke m'thumba mwanu.

Kenako pali nkhani ya zaka za ana, imene imasokoneza mabanja athu kwambiri. Mahotela ambiri anakonza zipinda zawo poganizira akuluakulu awiri ndi ana awiri. Ife kuno ana atatu kapena anayi ndi banja wamba, ndipo kawirikawiri pamakhalanso mwana wa achemwali kapena mtsikana wothandiza kulera. Mukapitirira chiwerengero cha chipinda, amakuuzani kuti mutenge chachiwiri, mtengo uja n'kukwera pafupifupi kawiri. Mwana amachotseredwa mtengo akamagona m'chipinda chimodzi ndi akuluakulu awiri olipira zonse, ndipo m'malo ambiri akakwana zaka 12 amawerengedwa ngati wamkulu. Pa ndege, wosakwana zaka 2 amakhala pamiyendo ndipo amalipira kagawo kakang'ono, koma zaka zimene amaona ndi za tsiku la ulendo, osati za tsiku logula tikiti. Wa kumsana wa banja la ku Kapata uja anali kudzakwanitsa zaka 2 tchuthi chili mkati. Popita akanakhala pamiyendo, pobwera anafunika mpando wake.

Amayi a ana aja anafunsa za malo osewerera amene pa chithunzi anali ndi ana akujambula. “Ndiye kuti tikawasiya kumeneko ife n'kupumako?” Ndinawayankha kuti wamkulu ndi wapakati inde, koma malo oterewa nthawi zambiri amalandira ana kuyambira zaka 4, ndipo wocheperapo amafunika kholo lake pomwepo. Komanso olera kumeneko amalankhula Chingerezi, Chiswahili, mwina Chifalansa kapena Chitaliyana. Mwana wathu wa zaka 4 akafuna kukodza amanena m'Chinyanja.

Za njira, ife a ku Chipata tili ndi mwayi umene ambiri sauganizira. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 550, tsiku lathunthu pa basi ndi ana, pamene Lilongwe ili pafupifupi makilomita 140 kudzera pa Mwami ndi Mchinji. Chitsegulireni chipata chimodzi cha pamalire a Zambia ndi Malawi mu December 2022, zikalata zimaonedwa pamalo amodzi. Choncho yerekezerani mitengo ya ndege zonyamukira pa Kamuzu International Airport ku Lilongwe ndi za pa Kenneth Kaunda ku Lusaka, muwerengere ndi malo ogona ndi chakudya cha panjira. Mwana aliyense, ngakhale wa miyezi itatu, akhale ndi pasipoti yake, ndipo ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa. Nyamulani setifiketi ya kubadwa ndi khadi la ku sikelo. Ngati kholo limodzi likutsala, lilembe kalata yololeza yodindidwa ndi wolumbiritsa. Ku Zanzibar, kuyambira pa 1 October 2024, alendo amafunika kugula inshuwalansi ya boma la kumeneko, imene inayamba pa madola 44 munthu wamkulu, ngakhale mutakhala ndi ina kale. Ndege zambiri zimadzera ku Nairobi kapena Addis Ababa, ndipo mukakhala kumeneko maola opitirira 12, a ku Tanzania angakufunseni khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Khadilo limayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayireni, ndipo katemerayu kawirikawiri amayambira pa mwana wa miyezi 9.

Nyengo nayo muiyang'ane. Masukulu athu amatseka mu April, August ndi December. Mukaona mtengo wotsika kwambiri mu April, musathamange. Ife tikati masika timaganiza za chimanga chouma ndi maungu pakhonde, koma Aswahili akati masika akunena mvula yaikulu ya March mpaka May. Mu August kugombe kumeneko kumakhala kouma ndi kozizirira bwino, n'chifukwa chake mitengo imakwera. Ku Mauritius, tchuthi cha December chimagwera m'nyengo ya anamondwe, imene imayamba November kufika April.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ndimataya nayo nthawi yaitali ndi banja lililonse, chifukwa dziko lathu lilibe nyanja yamchere ndipo ambiri tinakulira pa madamu ndi timitsinje. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchokera podzaza kufika pophwa pamapita pafupifupi maola 6, ndipo nthawi yake imachedwerako mphindi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kudzaza ndi kuphwako kumakula. Kum'mawa kwa Zanzibar, ku Paje, Jambiani ndi Matemwe, madzi akaphwa amathawa kutali kwambiri moti mumangoona mchenga wonyowa ndi amayi akulima ndere zawo. M'timaenje totsalira mumabisala tinthu takuda ta minga tokhala ngati kanungu, ndipo munga wake ukathyokera m'phazi la mwana, tsiku limenelo latha. Muwagulire nsapato zolowa nazo m'madzi. Choopsa kwambiri n'chakuti madziwo akamabwerera amadzaza kaye malo otsika a kumbuyo kwanu, inu muli pa kachulu ka mchenga mukutola zigoba. Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, madzi sathawa kwambiri, munthu amasamba nthawi iliyonse, koma pamenepo pamafulumira kuya. Chithunzi cha pa foni chimajambulidwa madzi atadzaza, choncho funsani hotela kuti gombe lawo limaoneka bwanji akaphwa.

Komabe malo amene ndimawaopa koposa ndi dziwe losambiramo. Mwana akamamira sakuwa ndipo samenya madzi ngati mmene timaganizira. Amangolowa pansi phee, pakamwa pali m'madzi, ndipo zimatenga nthawi yochepa kuposa yoyankhira uthenga wa pa WhatsApp. Bungwe la World Health Organization limaika ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 pakati pa amene amamira kwambiri padziko lonse. Ndinaziona ndi maso anga pa hotela ina kumene ndinakayendera zipinda. Akuluakulu analipo oposa khumi m'mbali mwa dziwe, aliyense ndi tambula m'manja, ndipo kamtsikana kovala zoyandamitsa zopopa m'mikono kanapendekera kutsogolo nkhope n'kulowa m'madzi. Amene anakavuula anali mnyamata wotolera matawulo. Mayi wake anali pamtunda wa mapazi asanu, akuyang'ana kumbali. Pamene pali anthu ambiri, aliyense amaganiza kuti mnzake akuona, ndipo kumene mowa suli wolipira maso amalemera msanga. Gwirizanani mochita kutchula: “Amake mwana, kuyambira pano mpaka 11 koloko ana ali ndi ine.” Amene ali pa ntchitoyo asagwire foni, asamwe, ndipo akhale poti akatambasula dzanja amukhudza mwanayo. Mahotela ambiri alibe wopulumutsa anthu padziwe, ndipo kumene aliko amaweruka madzulo.

Za m'mimba ndi zachidule. Chakudya chodzitengera chimakhala pa tebulo nthawi yaitali, ndiye ana muwatengere chotentha chimene changotuluka kukhitchini, zipatso zosenda nokha ndi madzi a m'botolo. Nsima musaiyembekezere tsiku lililonse, ngakhale ku Tanzania ndi Kenya mukapempha ugali ambiri amakuphikirani. Nyamulani mapaketi a ORS, zinc ndi mankhwala otsitsa kutentha thupi. Khungu lakuda nalo limapsa ndi dzuwa la pamchenga, ndiye pakhale zipewa ndi mafuta oteteza, ndipo khanda losakwana miyezi 6 likhale pamthunzi. Udzudzu uliko kugombe, funsani ngati bedi la mwana lili ndi neti yake.

Pali njira ina imene ndimaitchula kwa onse amene ana awo ali aang'ono kwambiri. Kunja kwa dziko sikutanthauza ndege yokha. Mukanyamuka pa Chipata m'mawa, madzulo asanafike muli pa mchenga wa Senga Bay ku Salima, madzi opanda mchere, osaphwa, anthu olankhula chilankhulo chimene mwana wanu amamva, ndi chambo pa mbale. Malo ambiri kumeneko amagulitsa chipinda ndi chakudya cha katatu, zakumwa padera. Nyanja ya Malawi ili ndi zake: mwera wa June mpaka August umautsa mafunde aakulu, ndipo m'malo a bango ndi madzi odekha muli likodzo, choncho mukabwerako kauzeni achipatala kuti ana anasamba m'nyanja.

Banja la ku Kapata lija tinakhala nalo mpaka dzuwa kupendeka, tikulemba papepala: chipinda chachiwiri, mpando wa mwana pobwera, galimoto, inshuwalansi, mapasipoti atatu. Nambala ya pansi inaposa kuwirikiza kawiri ija ya pa foni. Abambo anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Amayi, tilembereni ku Salima masiku anayi mu December. Ku Zanzibar tidzapita uyu akadzayamba sukulu.” Potuluka, amayi a ana anabwerera pakhomo kudzafunsa kumene angapeze wophunzitsa ana kusambira muno mu Chipata December asanafike.