Maliro a mlangizi wako akakupeza uli kunja

Wachinyamata wa ku Mulanje kapena ku Thyolo akamapita kukagwira ntchito yongodzipereka ku Germany kapena ku Norway, kawirikawiri pamakhala munthu mmodzi amene adamutsegulira njira: aphunzitsi a ku sekondale amene adalemba kalata yomuchitira umboni, abusa, kapena anamwino amene adamuphunzitsa ntchito. Mlangizi ameneyu akamwalira mwadzidzidzi, kaya ndi ngozi ya pamsewu kaya ndi BP, mwanayo amamva ali pakati pa anthu amene malemuwo sankawadziwa n'komwe.

Chisoni choterechi chimavuta pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti mwambo wa maliro ndi umene umauza mtima kuti zachitikadi. Kugona pasiwa, kuona nkhope, kumva dothi likugunda bokosi adzukulu akukwirira, zonsezi zimagwira ntchito imene uthenga wa pafoni sungaigwire. Amene ali kutali mutu umadziwa koma mtima umakana, ndiye amangopezeka akutsegula WhatsApp kuona ngati malemuwo ayankha. Si misala ayi. Chachiwiri, mlangizi si mbale. Anthu amakapepesa kubanja, ndipo palibe amaganiza zopepesa wophunzira. Katswiri wa ku America Kenneth Doka adafotokoza mu 1989 za chisoni chotere, chimene anthu sachipatsa malo, ndipo mwiniwake amayamba kuchita nacho manyazi.

Inu a kumudzi, lekani kubisa. Chizolowezi chonena kuti "adwalika" munthu ali kale ku mochale chimapweteka kawiri, chifukwa mwanayo akaona ndithu chithunzi pa Facebook, n'kusiya kukukhulupirirani. Sankhani munthu mmodzi amene amagwirizana naye, aimbe foni, osati kulemba. Ayambe wafunsa ngati ali ndi mnzake pafupi, kenako anene mosazungulira kuti amwalira, tsiku liti, chachitika n'chiyani, ndipo aikidwa liti. Nthawi ya ku Germany ndi ku Norway imafanana ndi yathu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Miyezi inayo iwo amatsalira ndi ola limodzi.

Kwa iwe wolandira uthengawo, usagule tikiti usiku womwewo. Kwathu maliro sachedwa, masiku awiri kapena atatu ayikidwa. Ndege yochokera ku Ulaya imadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo ukatera ku Chileka ulendo wa pamsewu ukadalipo. N'zosavuta kufika atakwirira kale, uli ndi ngongole. Werenganso pepala la inshuwalansi, poti zambiri zimalipira ulendo wa maliro a wachibale wapafupi basi, monga kholo, mwana kapena m'bale wobadwa naye. Ona ngati visa yako ikulola kutuluka n'kulowanso. Uza wokuyang'anira tsiku lomwelo, ndipo umufotokozere kuti malemuwo anali ndani kwa iwe. Ukangoti "aphunzitsi anga akale", sangamvetse chifukwa chake ukupempha masiku atatu.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi kutenga nawo mbali. Tumiza chipepeso pa Mukuru kapena kwa munthu wa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lako lilembedwe m'buku. Gulira mnzako mmodzi bandulo kuti akuimbire pa vidiyo nthawi ya mapemphero, koma ayambe wapempha kwa eni mbumba, chifukwa mabanja ena safuna kamera pamaliro. M'midzi ya kuseri kwa phiri ndi m'maesiteti a tiyi netiweki imadukaduka, choncho ajambulenso mawu a mbiri ya malemu. Poonera usakhale wekha m'chipinda.

Masabata oyamba thupi limalira nalo: tulo timasowa, chakudya sichikoma, pachifuwa pamalemera. Idya katatu ngakhale pang'ono, uziyenda panja mphindi 30 kukuwala, makamaka nyengo yozizira pamene ku Norway kumada isanakwane 4 koloko. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku, nthawi imene "ndikanakhalako" amaluma kwambiri. Ngati pali uthenga wawo umene sunayankhe, uyankhe papepala, uwerenge mokweza, usunge. Ukapezeka ukuseka ndi anzako tsiku lachitatu usadziimbe mlandu. Akatswiri a za maganizo Margaret Stroebe ndi Henk Schut adafotokoza mu 1999 kuti wofedwa amasinthasintha, pena kulira pena kugwira ntchito, ndipo kusinthasinthako ndi kumene kumamuthandiza kupirira.

Pali malire ake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'ndondomeko yake ya matenda imene idayamba kugwira ntchito mu 2022, limati chisoni chikapitirira miyezi 6 chili cholimba mpaka munthu kulephera ntchito za tsiku ndi tsiku, chafika pofuna chithandizo. Maganizo ofuna kudzipha sadikira miyezi: uza munthu tsiku lomwelo, ndipo ku Ulaya nambala yangozi ndi 112.

Pobwerera kumudzi chisoni chimatha kuyambiranso ngati maliro achitika dzulo, pamene ena onse adapukuta kale misozi. Zikakulemera, pita ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo ukafunse wa za matenda a maganizo. Kumanda usapite wekha, mwambo sulola. Yamba wafika kwa anamfedwa, upepese, iwo ndiwo adziwitse amfumu n'kukuperekeza, ndipo ufunsiretu tsiku lomanga chiliza.