Esther si Easter, chonde makolo

Chaka chilichonse ikafika nthawi yolembetsa ana mayeso, dzina limodzi lomweli limandidwalitsa mutu. Ndine mphunzitsi wa Chinyanja ndi RE pa sukulu ina kuno ku Lusaka, komanso ndine amene ndimakhala pa kompyuta kulowetsa maina opita ku ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, ndiye ndimaona zonse, Esther, Ester, Easter, Estele, mwana mmodzi mapepala anayi. Ukafunsa amake akuti "aphunzitsi, si limodzi lomwelo, la Isitala lija?" Ayi amayi. Isitala ndi Pasaka, ndipo alipo ana obadwa pa Pasaka amene anapatsidwa dzina la Easter, palibe cholakwika. Koma Esther ndi lina, amangofanana pakamwa basi.

Tsegulani Buku Lopatulika pa Estere 2:7. Mtsikanayo dzina lake lachiheberi anali Hadasa, kutanthauza mchisu, kamtengo ka masamba onunkhira. Anali wamasiye, analeredwa ndi Moredekai, mwana wa m'bale wa atate ake, ku Susani m'dziko la Perisiya, kumene lero ndi Iran. Estere ndi dzina limene ankadziwika nalo pakati pa Aperisiya, ndipo akatswiri ambiri amalilumikiza ndi mawu achiperisiya otanthauza nyenyezi. Mwamuna wake, Mfumu Ahaswero, ambiri amati ndi Xerxes woyamba, amene analamulira kuyambira 486 mpaka 465 BC. Nkhani ya Hamani sindibwereza, munaimva ku Sande sukulu. Ayuda mpaka lero amaikumbukira pa chikondwerero cha Purimu, osati Pasaka.

Manje apa ndi pamene aneneri a masiku ano alowerera. Ndi zoona kuti akatswiri ena amati dzinali lingachokere kwa Ishtar, mulungu wamkazi wa ku Babulo, monga momwe Moredekai limafanana ndi Marduk, mulungu winanso wa ku Babulo komweko. Ndi nkhani ya chilankhulo, anthu okhala ku ukapolo ankatenga maina a dziko limene ali, Danieli nayenso anamutcha Belitesazara. Koma munthu wawerenga mzere umodzi pa Facebook, basi Sabata lotsatira ali pa maikolofoni kuti dzina ili lili ndi chiwanda, bweretsani mbewu tilisinthe.

Pali mwana wina amene mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Wanzeru, wachete, wa ku Chawama. Pa giledi 7 anamulemba Easter, kulakwitsa kwa amene analemba, makolo sanayang'ane. Ali giledi 10 anayamba kudwaladwala mutu ndi kukomoka, m'malo mopita naye ku kiliniki amake anapita kwa apapa ena, ndipo anauzidwa kuti vuto ndi dzina. Analipira, mwana anatuluka mu ovanaiti ali Favour. Atakwana zaka 16 anakatenga reji ndi dzina latsopanolo, pamene khadi ya ku sikelo ikuti Esther, mapepala a mayeso akuti Easter. Ndinawaitana amake kawiri, ndinawauza kuti amayi tikonze izi mwana asanalembe giledi 12, anandiyankha kuti "aphunzitsi, za uzimu inu simungazimve." Kukomoka kuja sikunathe, pambuyo pake ku chipatala anapeza kuti magazi ndi ochepa. Mwana anakhoza bwino kwambiri, anafuna unesi, koma pofunsira malo maina atatu aja anamubweza, chaka chinapita akungoyenda ndi ma afidaviti kuchoka ofesi iyi kupita ofesi iyo. Chimene chimandipweteka n'chakuti anali iye amene ankapepesa kwa aliyense, ngati analakwa ndiye.

Ndipo mundiuze, tsoka la dzinali lili pati? Esther Phiri anakulira m'komboni muno momwemuno, nkhonya zake pansi pa kochi Anthony Mwamba zinamutengera malamba a dziko lonse, atsikana ambiri anayamba bokoseni chifukwa cha iye. Amayi Esther Lungu anali mayi wa dziko kuyambira 2015 mpaka 2021. Esther Chungu mumamuimba nokha m'matchalitchi. Ku South Africa kuli agogo Esther Mahlangu, obadwa 1935, amene zojambula zawo zachindebele zinafika mpaka pa galimoto ya BMW. Esther Duflo wa ku France analandira Nobel ya zachuma mu 2019 chifukwa cha kafukufuku wa umphawi. Sindikunena kuti dzina ndi limene linawakweza, chifukwa ndikatero ndafanana ndi apapa aja. Anagwira ntchito.

Kunyumba muitaneni momwe mufunira, Esitere, Esita, agogo ku Katete adzamutcha Estele ndipo zimakoma kumva. Koma papepala sankhani kalembedwe kamodzi mwana akangobadwa, mutengereni satifiketi yobadwira asanayambe sukulu, ndipo pepala lotsimikizira maina a mayeso likabwera kunyumba muliwerenge chilembo ndi chilembo musanasaine, h ija pakati ilipo kapena palibe. Ngati mwafunadi kusintha dzina, pali njira yake ya lamulo, si mafuta odzozedwa. Pa giledi 7 kukonza ndi mphindi zisanu pa kompyuta yanga. Satifiketi ikatuluka, ine ndilibenso mphamvu.

Mtsikana uja ndinakumana naye mwezi watha ku Soweto Market akuthandiza amake pa sitandi ya tomato. Akuti ayesanso chaka chino. Ndinamufunsa kuti ndimuitane ndani, anati Esther.